Chikwama chodzaza sichilowetsa chimbale m'dengu

Mu gofu wa ndodo ndi kampira, uja timamuona pa kanema kapena tikamadutsa pafupi ndi mabwalo ake ku Blantyre ndi ku Lilongwe, lamulo ndi lachindunji: wosewera asanyamule ndodo zopitirira 14. Akapezeka ndi ina yapamwamba pa zimenezi, amalangidwa. Koma kuli gofu wina, wa zimbale zapulasitiki zoponya ndi dzanja, amene eni ake amamutcha disc golf. Kumeneko malire otere kulibe. Ukafuna unyamula zimbale zitatu, ukafuna 30. Ena mpaka amagula kangolo kamatayala kokokerapo katunduyo, poti msana wakana.

Ufulu umenewu umamveka wokoma, koma ndi umene umasokoneza anthu ambiri ongoyamba kumene. Sitolo ili ndi mitundu mazanamazana ya zimbale, chilichonse chili ndi dzina lochititsa nthumanzi ndi mtundu wowala, ndipo palibe woti akuuzeni kuti basi zakwana. Sabata ino tikambirane za funso limene aliyense wosewera gofu ameneyu amakumana nalo asanatuluke m'nyumba: ndinyamule ziti, ndisiye ziti? Yankho langa ndi lakuti chikwama chiyenera kutsata mkono wa mwini wake ndi bwalo limene akupita, ndipo chimbale chilichonse chikhale ndi ntchito imene chinzake sichingagwire. Chopanda ntchito chitsale kunyumba.

Kwa amene simunawaonepo masewerowa, akuyenda motere. Bwalo limakhala m'paki kapena m'nkhalango, ndipo nthawi zambiri limagawidwa m'zigawo 9 kapena 18. Chigawo chilichonse chili ndi poyambira ndi pothera. Pothera pamakhala dengu lachitsulo lokhomeredwa pa mzati, ndipo pamwamba pake pamalendewera matcheni. Wosewera amaponya chimbale kuchokera poyambira, n'kupita pamene chagwera, n'kuponyanso, mpaka chimbale chimenye matcheni ndi kugwera m'dengu. Amawerenga kuti waponya kangati. Amene wamaliza bwalo lonse ataponya kochepa ndiye wapambana. Pakati pa poyambira ndi dengu pamakhala mitengo, zitsamba, zitunda, nthawi zina dziwe, ndipo njira yake sikhala yowongoka kawirikawiri.

Masewerowa adakhazikika ku America. Ed Headrick, yemwe ankagwira ntchito ku kampani ya zidole ya Wham-O, ndiye adakonza bwalo loyamba lokhazikika ku Oak Grove Park, kufupi ndi Pasadena ku California, mu 1975. Chaka chotsatira adayambitsa bungwe la Professional Disc Golf Association, lomwe mpaka lero limayang'anira malamulo a masewerowa, ndipo mu 1977 adalembetsa luso lake la dengu lamatcheni. Nthawi imeneyo anthu ankaponya zimbale zamkombero wobulungira, zonga zija amaponyerana pagombe la nyanja, ndipo kunyamula chimodzi kapena ziwiri kunali kokwanira. Zinthu zidasintha mu 1983 pamene Dave Dunipace wa kampani ya Innova adapanga chimbale chamkombero wakuthwa chomwe chimadula mphepo ndi kupita kutali. Kuyambira pamenepo mitundu idayamba kuchuluka, zikwama n'kumakula. Lero masewerowa ndi otchuka ku America, ku Canada, ku Finland, ku Sweden ndi ku Estonia, ndipo mabwalo aliponso ku Britain ndi ku South Africa, komwe abale athu ambiri amakhala.

Mitundu inayi

Ngakhale mayina ali ambirimbiri, zimbale zonse zili m'magulu anayi, ndipo chosiyanitsa chachikulu ndi kukula kwa mkombero wake.

Gulu loyamba ndi putter. Mkombero wake ndi wopyapyala, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo ndi wobuntha. Chimauluka pang'onopang'ono, mowongoka, ndipo chikagwa pansi sichithamangira kutali. Ntchito yake yaikulu ndi kulowa m'dengu, komanso chimathandiza poyandikitsa. Gulu lachiwiri ndi midrange, chimbale cha mtunda wapakati, chomwe chimapita patali kuposa putter koma chimamverabe dzanja. Gulu lachitatu ndi fairway driver, chamkombero wakuthwa pang'ono, choponyera mtunda wautali pamene njira ili yopanikiza. Gulu lomaliza ndi distance driver, chamkombero waukulu wopitirira masentimita 2, chopangidwira mtunda basi. Chimenechi ndi chimene chimakopa maso m'sitolo, ndipo ndi chimenenso chimavuta kwambiri kuponya.

Pa zimbale zambiri pamalembedwa manambala anayi, njira imene idatchuka ndi kampani ya Innova ndipo makampani ena adaitengera. Nambala yoyamba ikunena za liwiro, kuyambira 1 mpaka 14. Yachiwiri ikunena za mmene chimbale chimayandamira m'mwamba, kuyambira 1 mpaka 7. Ziwiri zomalizazo zikunena za kukhota, ndipo kuti zimveke tiyambe taona mmene chimbale chimaulukira.

Munthu wogwiritsa ntchito dzanja lamanja akaponya backhand, kutanthauza kuti mkono wayambira pachifuwa n'kutambasukira kunja, chimbale chimazungulira ngati mivi ya wotchi. Chikadali ndi liwiro lambiri chimatha kupendekera kumanja. Liwiro likamatha chimabwerera n'kugwera kumanzere. Nambala yachitatu, yoyambira pa +1 kutsika mpaka -5, ikuuza mmene chimapendekerera kumanja poyambapo. Ikatsika kwambiri ndiye kuti chimbalecho chimakhota msanga. Nambala yachinayi, yoyambira 0 mpaka 5, ikuuza mphamvu imene chimagwera nayo kumanzere pomaliza. Kwa wamanzere zonsezi zimatembenuka. Zimatembenukanso kwa wamanja akaponya forehand, kuja kumafanana ndi kuponya mwala wophwatalala kuti udumphedumphe pamadzi.

Choncho pali zimbale zamakani, zomwe eni masewerowa amati overstable, zomwe zimakana kupita kumanja ndipo zimagwera kumanzere mwamphamvu. Pali zofewa mtima, zotchedwa understable, zomwe zimalola kukhotera kumanja. Ndipo pali zapakati, zomwe zimangotsata kumene dzanja laloza. Mwachitsanzo, Firebird ya Innova ili ndi manambala 9, 3, 0, 4, ndipo ndi yamakani. Leopard ya kampani yomweyo ili ndi 6, 5, -2, 1, yofewa mtima. Buzzz ya kampani ya Discraft ili ndi 5, 4, -1, 1, yapakati.

Msampha wa nambala yoyamba

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Munthu akaona nambala 12 kapena 13 amaganiza kuti chimbalecho chimupatsa liwiro. Chimbale sichipatsa munthu liwiro, chimafuna kuti munthuyo achipatse. Nambala yoyambayo ili ngati mtengo umene chimbale chikulipiritsa mkono wanu. Mukalephera kulipira, manambala atatu enawo sagwiranso ntchito monga alembedwera.

Tengani Destroyer, chimbale chodziwika cha manambala 12, 5, -1, 3. M'manja mwa katswiri woponya mamita 150 chimachoka mowongoka, chimapendekera kumanja pang'ono, kenaka n'kubwerera bwinobwino. M'manja mwa munthu wongoyamba, amene mphamvu zake zimathera pa mamita 60 kapena 70, chimangochoka m'dzanja n'kuyamba kugwera kumanzere nthawi yomweyo, n'kukalowa m'tchire. Munthuyo akadaponya Leopard kapena midrange wamba akadafika patali, komanso pamalo oyera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuipa kwake sikuthera pa kutaya mtunda. Munthu akaona kuti chimbale chikungogwera kumanzere amayamba kuchikakamiza. Amapendeketsa dzanja, amapinda msana, amakoka mkono ndi ukali kuti chipite mowongoka. Thupi limazolowera kaponyedwe kolakwikako, ndipo tsiku limene adzagwire chimbale choyenera chidzamuthawira kumanja chifukwa dzanja lidaphunzira zopotoka. Kukoka mkono mwaukali choncho mobwerezabwereza kumapwetekanso phewa ndi chigongono. Ena amangosiya masewerowo n'kumanena kuti alibe mphatso, chonsecho vuto lidali m'chikwama. Putter ndi midrange ndi aphunzitsi okhwima koma oona mtima: mukaponya mopotoka zimauluka mopotoka, mukakonza dzanja nazo zimawongoka pomwepo. Distance driver yamakani imabisa zolakwa zonse chifukwa kaya mwaponya bwino kaya moipa, mathero ake ndi kumanzere.

Tiyeni tiwerengere. Pa bwalo wamba la zigawo 18, chigawo chilichonse chimayembekezeka kutha ndi kuponya katatu, ndiye bwalo lonse ndi ka 54. Mwa kuponya konseku, ka 18 kokha ndi kochokera poyambira. Kotsalako, ka 36, ndi koyandikitsa ndi kolowetsa m'dengu, ntchito ya putter ndi midrange. Ndiponso pa zigawo zazifupi kapena za mitengo yothithikana, ngakhale poyambira pomwe munthu wanzeru amatenga midrange. Tsono taonani zikwama za ongoyamba ambiri: ma driver 8, midrange imodzi, putter imodzi yomwe adapatsidwa ndi mnzawo. Zida zambiri zili pa ntchito yochepa, ntchito yambiri yatsala ndi chida chimodzi chimene mwini wake sanachiphunzire n'komwe.

Mbiri ya masewerowa ikuchitira umboni. Kuponya kumene anthu amakukumbukira kwambiri kudachitika mu June 2021 pa mpikisano wa dziko lonse ku Ogden, m'chigawo cha Utah. James Conrad adafika pa chigawo chomaliza ali kumbuyo kwa Paul McBeth ndi kuponya kumodzi, ndipo chimbale chake chidali pa mtunda wa mamita pafupifupi 75 kuchokera pa dengu. Kuti afanane mphamvu adayenera kulowetsa kuchokera pomwepo. Adatenga putter yotchedwa Envy, ya liwiro la 3, n'kuiponya mokhotera kumanja, ndipo idakalowa m'matcheni. Atapita kukalekanitsa, Conrad adapambana. Pa nthawi imene chikho cha dziko lonse chidali pa mlingo, dzanja lake lidapita pa chimodzi mwa zimbale zoyenda pang'onopang'ono kwambiri m'chikwama chake, chifukwa ndi chimene ankachidziwa ngati chikhatho chake.

Yambani ndi zitatu

Kwa wongoyamba, zimbale zitatu n'zokwanira: putter imodzi, midrange imodzi yowongoka, ndi fairway driver imodzi yofewa mtima. Makampani eni ake amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake phukusi la ongoyamba la Innova limakhala ndi Aviar, Shark ndi Leopard, ndipo palibe chimene liwiro lake limapitirira 6. Posankha putter musavutike ndi manambala. Igwireni m'dzanja. Zina n'zakuya, zina n'zosaya, zina zili ndi kamzere kotukuka m'munsi mwa mkombero, zina zilibe. Imene ikukhala bwino m'zala zanu ndipo ikuchoka popanda kukodwa ndiyo yanu. Mukaipeza musaisinthesinthe. Ngati ndalama zilipo gulani ziwiri zofanana ndendende, kuti poyeserera musamangoyenda kukatola chimodzi chomwecho.

Ndi zitatuzi sewerani miyezi ingapo. Phunzirani kuponya chimbale chimodzi m'njira zitatu: chogona bwinobwino, chopendekera mkati kuti chikhotere kumanzere, ndi chopendekera kunja kuti chikhotere kumanja. Munthu amene wadziwa zimenezi ndi midrange imodzi ali kale ndi njira zitatu m'chimbale chimodzi. Mmisiri wa matabwa wodziwa ntchito amapanga mpando ndi sowo, pulena ndi tchizulo, pamene wina ali ndi bokosi lodzaza zida koma mwendo wa tebulo ukumukanika.

Chimbale chachinayi chilowe pokhapokha bwalo litakuonetsani mpata umene zitatuzo zikulephera kutseka. Funso lodzifunsa musanagule ndi ili: ndi pa chigawo chiti, pa bwalo limene ndimasewera, pamene ndinaima n'kusowa choponya? Ngati simungatchule malowo, ndalamayo isungeni. Kawirikawiri mpata woyamba kuonekera ndi wa chimbale chamakani chapafupi, chonga Zone ya Discraft, ya manambala 4, 3, 0, 3. Chimenechi ndi chothandiza mphepo ikavuta, kapena mukafuna kuzungulira mtengo n'kugwera kumanzere mosakayika. Mpata wachiwiri ndi wa fairway driver yapakati, yonga Teebird ya manambala 7, 5, 0, 2, pamene mkono wakula moti Leopard ija yayamba kukhotera kumanja mopitirira. Wachitatu ndi wa midrange yofewa mtima, ya njira zokhotera kumanja m'nkhalango.

Njira yosavuta yoonera chikwama chonse ndi kujambula pa pepala mizere inayi yopingasa, umodzi wa gulu lililonse, ndi mizere itatu yotsika: zamakani, zapakati, zofewa mtima. Mupeza timabokosi 12. Lembani chimbale chilichonse chimene muli nacho m'kabokosi kake, malinga ndi mmene chimaulukira m'dzanja lanu, osati malinga ndi zolembedwa pamwamba pake. Ambiri akachita zimenezi amadabwa kuona zimbale zinayi zitapanikizana m'kabokosi kamodzi pamene timabokosi tina tili mbee. Sikofunika kudzaza tonse 12. Wosewera wa mphamvu zapakati amatha bwalo lililonse ndi zimbale 7 mpaka 9. Mzere wa distance driver ukhoza kukhala wopanda kanthu mpaka pamene mukufikitsa fairway driver pa mamita 90 kapena 100 mosavutikira. Mukafika pamenepo yambani ndi ya liwiro la 9, yonga Valkyrie kapena Sidewinder, musanalumphire ku 12. Kuthamanga sikufika.

Kukhala ndi zimbale ziwiri za ntchito imodzi kumaoneka ngati kosalakwika, koma kuli ndi mtengo wake. Lamulo limapatsa wosewera masekondi owerengeka chabe kuti aponye nthawi yake ikakwana. Munthu amene akuyang'ana m'chikwama n'kumadzifunsa kuti kodi ndi ichi kapena icho amafika poponya mtima uli pawiri, ndipo dzanja lokayika silimasula bwino. Mapanga awiri avumbwitsa. Komanso nthawi yoyeserera imagawikana. Kuponya ka 100 ndi chimbale chimodzi kumakuphunzitsani khalidwe lake. Kuponya ka 10 ndi chilichonse mwa zimbale 10 kumakusiyani muli mlendo kwa zonse.

Mphepo, bwalo ndi pulasitiki

Chikwama chabwino chimasintha ndi tsiku. Mphepo yochokera kutsogolo imachititsa chimbale kuuluka ngati chaponyedwa mwamphamvu kuposa mmene chaponyedwera, ndiye chimakhotera kumanja msanga. Tsiku lotero mufunika zamakani. Mphepo yochokera kumbuyo imachita zosiyana: chimbale chimakhala ngati chachepa liwiro, chimatsika msanga ndi kugwera kumanzere, ndiye zofewa mtima ndi zimene zimathandiza. Kukwera kwa malo nakonso kuli ndi mbali yake. Kumapiri mpweya ndi wopepuka ndipo zimbale zimachita makani kuposa kugombe la nyanja. Wosewera wa ku Cape Town akapita ku Johannesburg, mzinda wokwera mamita oposa 1,700, apeza kuti zimbale zake zomwezo zikugwera kumanzere msanga kuposa mmene adazolowerera.

Bwalo la m'nkhalango, ngati ambiri a ku Finland, limafuna zimbale zowongoka ndi zoyenda pang'onopang'ono, chifukwa chimbale chaliwiro chikamenya mtengo chimanjanjira kutali ndi njira. Bwalo la poyera, lamphepo, limafuna ma driver ndi zamakani. Ngati pali dziwe loti mudutse pamwamba pake, nyamulani chimbale chimodzi chimene simungalire chikamira, pakuti zimbale zambiri sizimayandama. Kufunsa za bwalo musanapite n'kwanzeru kuposa kusenza sitolo yonse kumsana poopa zosadziwika.

Chinthu china chimene manambala sanena ndi pulasitiki. Chimbale cha dzina limodzi chimapangidwa ndi mapulasitiki osiyanasiyana. Wotchipa, monga DX wa Innova, amagwirika bwino ngakhale kukugwa mvula, koma amakalika ndi kupindika msanga akamenya mitengo ndi miyala. Wodula, monga Champion ndi Star, kapena Z ndi ESP wa Discraft, amapirira zaka. Chimbale chikamakalamba makani ake amachepa, chimayamba kuwongoka, kenaka kukhotera kumanja. Akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito khalidwe limeneli. M'malo mogula mayina atatu osiyana amanyamula dzina limodzi katatu: chatsopano chamakani, chapakati chowongoka, ndi chokalamba chokhotera kumanja. Zonse zimamveka chimodzimodzi m'dzanja, koma zimauluka mosiyana. N'chifukwa chake wosewera wakale akataya chimbale chake chokalikakalika amadandaula kuposa akataya chatsopano. Chatsopano chimagulidwa mawa lomwe, koma chokalambacho chidatenga zaka kuti chifike pamenepo.

Nzeru yogulira ndi iyi: putter yolowetsera m'dengu ikhale ya pulasitiki wotchipa, chifukwa simenya mitengo kawirikawiri ndipo kugwirika kwake n'kofunika. Zimbale zimene mumaponya mwamphamvu m'nkhalango zikhale za pulasitiki wolimba, kuti khalidwe lake lisasinthe mwezi uliwonse.

Kulemera nakonso kumasankhidwa. Malamulo amati chimbale chisachepere masentimita 21 m'mimba mwake, chisapitirire magalamu 200, ndiponso chisapitirire magalamu 8.3 pa sentimita iliyonse ya m'mimbamo. Choncho ma driver ambiri amalekezera pa magalamu 175 kapena 176, ma midrange okulirapo pa 180. Anthu ambiri amangotenga cholemera kwambiri poganiza kuti ndicho cha akatswiri. Koma ana, achikulire ndi ongoyamba amapindula ndi ma driver a magalamu 150 mpaka 165, omwe savuta kuwapatsa liwiro. Ngakhale David Wiggins Jr., amene mu 2016 adaponya mamita 338 m'chipululu cha ku America mothandizidwa ndi mphepo yamphamvu, adagwiritsa ntchito chimbale chopepuka. Zolemera zili ndi malo ake: pamphepo ndi pa putter. Muwerengerenso msana wanu. Zimbale 20 za magalamu 175 ndi makilogalamu 3.5, musanaikemo madzi akumwa, thaulo ndi kulemera kwa chikwamacho, ndipo mukhala mukuzisenza ndi kuzitula kwa maola awiri kapena atatu, kukwera ndi kutsika zitunda.

Nanga akatswiri bwanji?

Wina anena kuti, nanga bwanji akatswiri amanyamula zimbale 20 kapena kuposerapo? Funsoli ndi loona ndipo liyenera kuyankhidwa. Choyamba, munthu woponya mamita 150 ali ndi mitunda yambiri yoti aigawe kuposa woponya mamita 70, ndipo kwa iye kusiyana kwa chimbale cha liwiro la 9 ndi cha 12 kumaoneka ndi maso. Kwa mkono wochepa mphamvu zonse ziwiri zimakagwera pamodzimodzi. Chachiwiri, zambiri mwa zimbale za katswiri zimakhala dzina limodzi lobwerezedwa, monga tanena kale, ndi zina zosungira poopa kutaya pakati pa mpikisano. Chachitatu, iyi ndi ntchito yawo, amayeserera tsiku ndi tsiku ndipo chilichonse amachidziwa. Chomaliza, akatswiri amalipidwa kuti aponye ndi kuonetsa katundu wa kampani. Mu 2021 Paul McBeth, yemwe wapambana chikho cha dziko lonse ka 6, adasaina mgwirizano wa zaka 10 wa madola 10 miliyoni ndi Discraft. Kampani siipereka ndalama zotere pachabe. Imadziwa kuti anthu akaona chimene chili m'chikwama cha katswiri amathamangira kukagula chomwecho. Palibe choipa pamenepo, ndi malonda. Koma wogula akumbukire kuti akugula chimbale cha McBeth, mkono wa McBeth sagulitsa.

Palinso ena amene amakonda kusonkhanitsa zimbale chifukwa cha kukongola kwake, monga ena amasungira ma jezi a matimu. Chimwemwe chimenecho n'chawo ndipo sindikuchinyoza. Kungoti shelefu ya kunyumba ndi chikwama cha kubwalo zikhale zinthu ziwiri zosiyana.

Pali tizinthu tina tating'ono timene malamulo ndi nzeru wamba zimafuna. Pa mpikisano chimbale chilichonse chiyenera kukhala ndi chizindikiro cha mwini wake, ndiye lembani dzina kunsi kwake ndi cholembera chosafufutika. Chong'ambika kapena choboola sichiloledwa. Chimbale chikasowa mumapatsidwa mphindi 3 zofunafuna, zikatha chimawerengedwa kuti chatayika ndipo mumaonjezeredwa kuponya kumodzi ngati chilango. Pa chifukwa chimenechi mtundu wa chimbale si nkhani ya kukongola chabe. Chobiriwira, chakuda kapena chofiirira ngati masamba ouma chimabisala mu udzu, pamene chapinki, cha olenji kapena chabuluu wowala chimadziulula chokha. Musaiwale kachimbale kakang'ono koikira chizindikiro pamene chachikulu chagwera, thaulo lopukutira mame ndi matope, ndi botolo la madzi. Pa tsiku lamvula thaulo lachiwiri limapulumutsa kuponya kochuluka kuposa driver yachisanu.

Kwa amene chikwama chadzaza kale, nayi ntchito ya mwezi uno. Pitani pa bwalo la mpira lopanda anthu, muponye chimbale chilichonse kasanu molunjika malo amodzi, ndipo muone pamene zikugwera. Ziwiri zikamagwera pamodzi mobwerezabwereza, sungani chimene mumachikhulupirira, chinacho chipume. Kenaka sewerani maulendo asanu mukulemba chimene mwaponya pa chigawo chilichonse. Chimene sichinatuluke m'chikwama maulendo onsewo, kupatula chamakani chosungira mphepo, chilibe ntchito. Yesaninso tsiku lina kuzungulira bwalo lonse ndi putter ndi midrange zokha, mufanizire zotsatira zake ndi za masiku a chikwama chodzaza. Kusiyana kwake kukakhala kochepa, mwadziwa pamene luso lanu lenileni lili.

Kwa awerengi amene muli kutali ndi sitolo za zimbale, moti muyenera kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma m'bale wobwera kuchokera kunja, nkhaniyi ndi yolemera koposa. Chimbale chimodzi ku America chimagulidwa pa madola 10 mpaka 25, musanaonjezere zotumizira, ndipo mukalakwitsa kusankha mulibe kokabweza. Pa ndalama ya zimbale zisanu, gulani ma putter awiri ofanana, ma midrange awiri ndi fairway driver imodzi yofewa mtima. Zimenezi mukhoza kuphunzitsira nazonso ana ndi anzanu pa bwalo la sukulu, mutasandutsa mtengo kapena mgolo kukhala dengu.

Ndipo inu amene mwatulutsa zimbale m'chikwama mutayesa zimene tanenazi, musaziunjike m'katoni. Midrange imene yasowa malo kwa inu ikhoza kukhala chimbale choyamba cha munthu wina. Mupatseni imeneyo, osati Destroyer.